Timu ya Kuchikazi

Maganizo oyambitsa timu ya mpira ya Achewa anabwera ndi munthu amene mpira amauonera chakumbuyo. Bamboyu ndi wa ku Chipata, ndipo amagwira ntchito yolondera pa bwalo lalikulu la mpira la ku Wembley, kuno kwa Angelezi. Ntchito yake ndi kuima m'mphepete mwa bwalo atavala chijekete chachikasu, nkhope italoza kwa oonerera, msana utaloza kwa osewera. Chigoli amachidziwira pa nkhope za azungu. Koma mukamumva akufotokoza za mpira mungaganize kuti akatswiri onse a ku Ulaya anadutsa m'manja mwake, ndiye tonse timangomutchula kuti a Kochi.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi ku Edmonton, a Kochi anatitsekera pa khomo la holo tisanamalize n'komwe tiyi.

"Imwe, mvelani," anatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Kuli bungwe ya mpira ya mitundu yamene ilibe ziko. Nawaona na menso yanga. Kuli ba pa chilumba bamene banapishiwa kwao, kuli ba kumapiri, aliyense na mbendera yake. Manje ise? Bazungu banatidula patatu, bena Malawi, bena Zambia, bena Mozambique. Si ndise mtundu ise?"

Zimene ankanena zinali zoona. Bungwe lalikulu la mpira pa dziko lonse limangolandira mayiko okhala ndi malire ndi mapasipoti, ndiye mitundu yotsala kunja inapanga kabungwe kawokawo, n'kumasewera yokhayokha. Kuti mulowemo pankafunika kulemba fomu, kukhala ndi mbendera ndi nyimbo ya fuko, kutumiza mayina a osewera, ndi kusewera masewero amodzi oonetsa kuti mulipodi. Mawu oti anatidula patatu aja anandilowa mumtima. Kwathu ndi ku Mchinji, komwe munda wa agogo unathera mu Zambia popanda wotiuza.

Komiti tinaisankha tsiku lomwelo, poti Amalawi ndi Azambia ukatipatsa chochita timayamba ndi maudindo. Upampando unapita kwa mkulu wina amene anathawa ku Malawi m'nthawi ya chipani chimodzi, n'kukhazikika ku Wembley. Mkuluyu sanamenyepo mpira chibadwire, koma zaka zonsezi wakhala akudikira kuti wina amuitane kudzakhala nduna, ndipo suti ya ntchitoyo anagula kale. Ine anandipatsa ulembi. Ndimayendetsa basi, koma anthu amadziwa kuti makalata opita kukhonsolo ndimawalemba mwa Chingerezi choti wowerenga aimirire. Ndivomere pano kuti udindowu unandikoma kuposa mmene unayenera kundikomera.

Miyezi itatu inathera pa mbendera. A Pampando ankafuna malawi a moto pakati, Azambia n'kukana kuti zikununkha dziko limodzi. Azambia anabweretsa nkhwazi, ife n'kukana pa chifukwa chomwecho. Wa ku Mozambique tinalibe ngakhale mmodzi, choncho tinagwirizana zosiya ngodya imodzi ya mbendera yoyera mpaka atapezeka. Nyimbo ya fuko inatidyera milungu ina isanu, mapeto ake tinabwereka chuni cha nyimbo ya kutchalitchi n'kuikamo mawu a mapiri ndi makolo. Nthawi yonseyi mpira weniweniwo tinali tisanagule.

Mwana wanga wamwamuna ndi amene anabwera nawo mpira woyamba. Ndi munthu wamkulu ndithu, wa zaka makumi awiri ndi zitatu pa nthawiyo, wokonza zamagetsi, ndipo Lamlungu lililonse amasewera kutsogolo mu timu ya anzake a kuntchito. Anabadwira pa chipatala cha ku Edmonton konkuno. Kuyambira ali wamng'ono zochitika zathu ankazithawa. Ukamutengera ku phwando la ufulu amakhala pakona ndi foni, ukamuuza za kumudzi amayasamula, ndipo ine ndinali nditataya kale mtima kuti mwanayu ndalerera Angelezi. Ndiye tsiku lina ndikudya, anangoima pakhomo la kukhitchini.

"Dad, ija timu yanu, ma training ndi liti?"

Ndinatsala pang'ono kutsamwa. Loweruka lotsatira anafika pa paki ya ku Edmonton nthawi isanakwane, nsapato zili pakhosi, ndipo sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Anayamba kundifunsa zinthu zimene ndinkalakalaka atandifunsa kwa zaka zambiri. Mchinji ili mbali iti? Mfunda wathu unachokera kuti? Nanga munda uja unapita bwanji ku Zambia? Ankabwera kudzakhala nane pa sofa popanda chifukwa, ine n'kumafotokoza mpaka ndiwo kuzizira. Sindibisa, miyezi imeneyo ndinali wokondwa kuposa nthawi ina iliyonse chibwerere kuno. A Kochi atamuona akuthamanga ndi mpira anagwira pamutu n'kulengeza pomwepo kuti kaputeni wapezeka.

Fomu ija inali ndi funso limodzi lalikulu: kodi munthu wa mtundu wanu mumamudziwa bwanji? Ndinaliyankha masana ena pa nthawi yopuma, nditakhala m'kantini ya kugalaja ya mabasi. A Kochi anali atanditsina khutu kuti akuluakulu a bungwelo amakonda mitundu yokhala ndi mwambo wachilendo, ndiye ndinati pano ndiwaonetse. Ndinalemba masamba awiri athunthu. Ndinati ife sitili ngati mitundu ina imene imatsata bambo. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, amatsata mimba ya mayi ake, mwini mbumba ndi atsibweni, ndipo mwamuna ndi mkamwini chabe amene amakamanga nyumba kwa eni. Ndinamaliza ndi chiganizo chimene ndinachiwerenga katatu ndikudzigwedezera mutu: Mchewa ndi iye amene mayi ake ndi Mchewa. A Pampando atawerenga anavula magalasi n'kundigwira chanza ndi manja awiri.

Mungafunse kuti polemba zimenezi mutu wanga unali kuti. Nanenso ndimadzifunsa. Mkazi wanga ndi Mndebele wa ku Bulawayo, ndipo ndakhala naye zaka zoposa makumi awiri ndi zisanu, si kuti ndinali nditaiwala. Koma kuno mwana amatenga dzina la bambo, kusukulu amaitana bambo, pa pasipoti pali mfunda wanga. Polemba za akamwini ndinkaona amuna ena a kumudzi atanyamula makasu kupita kumunda kwa apongozi. Sizinandifike m'mutu ngakhale kamodzi kuti ndikulemba za m'nyumba mwanga.

A bungwe anayankha mwachangu. Anayamikira mwambo wathu wokongola, n'kupempha kuti titumize mayina a osewera motsata lamulo limene tafotokozalo. Komiti inaona kuti ntchito yofufuza mimba si ya amuna, ndiye inaipereka kwa mayi wina wa ku Romford, mzamba wopuma pantchito, wochokera ku Ntchisi. Mayiyu ndi woopsa. Theka la ana athu obadwira kuno anawalandira ndi manja ake, theka linalo anamva za kubadwa kwawo tsiku lomwelo. Amadziwa amene anabereka aliyense, ndipo nthawi zina amadziwanso zimene bambo wa mwanayo sadziwa.

Tsiku lofufuzalo anakhala patebulo m'holo ya tchalitchi, kope lili patsogolo, anyamata atandanda pamzere ngati akukabayitsa katemera. Ine ndinakhala pambali pake monga mlembi. Funso linali limodzi kwa aliyense.

"Mayi ako ndi a kuti?"

Woyamba anali mnyamata wamtali, woyera mbuu, tsitsi lofiira, bambo ake ndi a ku Ireland. Funsolo sanalimve mpaka nditamumasulira. Anati mayi ake anabadwira malo ena otchedwa Kasungu, ngakhale analitchula ngati dzina la mankhwala.

"Ndikuwadziwa mayi ako. Mchewa weniweni iwe, pita uko," anatero a Mzamba akulemba.

Anadutsa wina wa bambo wa ku Nigeria, anadutsa wina wa bambo wa ku Poland amene ankaganiza kuti wabwera ku timu ya tchalitchi. Ine ndikumwetulira ndithu, kuona mtundu ukukula. Kenako anafika mwana wanga, atavala kale kansalu ka ukaputeni pamkono.

"Mayi ako ndi a kuti, mwanawe?"

"A ku Bulawayo, agogo."

A Mzamba anaika cholembera pansi. Sanamuyang'ane iye, anayang'ana ine.

"A Mlembi, uyutu si wathu."

Ndinaseka, poganiza kuti akucheza. Nditaona kuti nkhope yawo sikusuntha ndinayamba kulankhula mothamanga. Ndinati mwanayu ali ndi mfunda wanga. Ndinati ndinapita ku Bulawayo ndi amalume anga, tinapereka malowolo onse, ng'ombe zinalowa m'khola anthu akuona.

"Ng'ombezo munapereka kwa Amandebele potsata mwambo wawo," anatero modekha. "Ife pano tikutsata mwambo wathu. Ndipo sindikuutenga m'mutu mwanga ayi, munalemba ndinu. Kapena ndikuwerengereni?"

Anatulutsa masamba anga awiri aja m'chikwama, chiganizo chomaliza atachidula mzere kunsi ndi inki yofiira. Mwana wanga anayang'ana pepalalo, n'kuyang'ana ine, kenako anavula kansalu kaja n'kukaika patebulo.

"Musadandaule," a Mzamba anawonjezera pofuna kutitonthoza. "Akwatire mtsikana wa Chichewa, ndili nawo angapo ku Romford. Adzukulu anu adzasewera."

Kunyumba mkazi wanga anayamba ndi kuseka mpaka kugwira m'mimba. Atatha kuseka anakwiya, ndipo mkwiyo wake ndi uja wolankhula motsitsa mawu.

"Bambo a mwana, kwathu mwana ndi wa bambo. Abale anga anadya ng'ombe zanu, anakupatsani mwana. Lero inu mukumubweza kwa ine. Ndimupititse kuti? Kwathu akanena kuti ndi wanu, kwanu mwanena kuti ndi wathu. Inu amene mukulira kuti dziko silikukuwerengani, mwayamba ndi kufufuta mwana wanu."

Ndinamulonjeza kuti nkhaniyi ndikaikonza kumsonkhano wa komiti. Mwana wanganso ndinamulonjeza chimodzimodzi, ndili chiimire pakhomo la chipinda chake. Anangoti, "Okay, Dad. Ndikudikira."

Msonkhanowo unachitikira kunyumba kwa a Pampando ku Wembley, Loweruka masana. Tinalipo asanu ndi atatu. A Kochi ndiwo anayamba, ndipo sanazungulire.

"Ba Chairman, ine sinifuna vokamba vambiri. Uja mwana ndiye timu. Mukamuchosa, vigoli azamenya ndani? Uja wa ku Ireland? Uja akaona mpira athaba! Tisinthe chabe lamulo, tilembe kuti mai olo tate, vasila."

A Pampando anaimirira, ngakhale tinali m'chipinda chochezera choti munthu ukatambasula mwendo umagunda wailesi. Analankhula kwa nthawi yaitali za makolo, za atsamunda, ndi za zimene iwo anavutika nazo pothawa kwawo. Mfundo yawo inali yoti kalata inapita kale. Tikalembanso kuti tasintha, azungu adzati anthu awa sadziwa n'komwe mwambo wawo, mwezi uno akuti mayi, mwezi wamawa akuti bambo, ndipo fomu yathu adzaiponya m'bini. A Mzamba anangowonjezera kuti iwo mwambo sanaupange, anaupeza.

Anati tikweze manja. Ofuna kusintha lamulo anakweza atatu, a Kochi ndi ena awiri. Okana anakweza atatu. A Pampando savota pokhapokha mavoti akafanana, ndiye maso onse anatembenukira kwa ine. Dzanja langa limodzi likanathetsa nkhani yonse.

Ndinaweramira pa kope langa n'kunena kuti mlembi savota, ntchito yake ndi kulemba zimene zagwirizanidwa.

Lamulo limenelo kulibe. Ndinalipanga pomwepo, ndipo poti malamulo a komiti ndinalemba ndine, panalibe wonditsutsa. Ndakhala ndikufunafuna chifukwa chabwino choti ndidzipatse, koma chimene ndimapeza n'chochititsa manyazi. Ndinkaopa kuoneka ngati munthu wobweza mawu ake chifukwa choti akhudza mwana wake. Ndinkaifunanso kalata yotivomera ija, ndinkaifuna kwambiri, ndi dzina langa pansi pa fomu imene yaibweretsa. Mumtima ndinadziuza kuti tiyambe talowa, lamulo tidzasintha tili m'kati, mwana adikire pang'ono. A Pampando anaponya voti yawo kumene aliyense ankadziwa kuti iponyedwa, ine n'kulemba bwinobwino ndi dzanja langa. A Kochi anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutuluka tiyi asanabwere.

Kunyumba ndinangonena kuti komiti yakana, ndayesetsa. Mwana wanga anagwedeza mutu, ndipo Loweruka lotsatira sanadzuke m'mawa.

Masewero athu oyamba tinasewera ndi anthu a pa chilumba aja, pa paki yomweyo ya ku Edmonton. Anzathuwo anabwera ndi basi yodzaza, ng'oma, ndi azimayi okalamba amene analira poimba nyimbo yawo, chifukwa chilumba chimene ankaimbacho ena a iwo anachisiya ali ana ndipo sanaloledwe kubwererako. Nditawaona ndinachita manyazi pang'ono ndi ngodya yathu yoyera ija. Nyimbo yathu tinaimba ndi ife a komiti, osewera akungoyendetsa milomo ngati mbuzi yobzikula. A Mzamba atatha kupeta anatisiyira anyamata khumi ndi mmodzi ndendende, onse Achewa osakayikitsa, ndipo atatu mwa iwo mpira anaumenya komaliza ali kupulaimale. Wa ku Ireland uja tinamuika pagolo chifukwa cha kutalika.

Zigoli zimene anzathuwo ankatimwetsa ndinayamba kuzilemba m'kope monga mlembi, koma tisanafike pa nthawi yopumulira ndinatseka kopelo. A Kochi anakuwa mpaka mawu kutha, kenako anatembenuka n'kuima chopenya oonerera, manja kumbuyo, monga amachitira kuntchito. A Pampando ankayendayenda ndi suti yawo m'matope akuuza aliyense kuti chofunika si zigoli koma mbiri. Ine maso anga anali ku mpanda wa paki, kumene anthu odutsa amaima n'kumaonerera. Ndinkayembekeza kuti mwina mwana wanga abwera n'kuima patali. Sanabwere.

Patapita milungu ingapo kalata inafika. Anatilandira. Inali ndi chidindo, ndipo dzina la mtundu wathu analilemba molondola, pamzere umodzi ndi mitundu ina ya pa dziko lapansi. Nditaiwerenga m'holo ya tchalitchi azimayi analuluta, a Pampando anapukuta misozi ndi mpango wa m'thumba la suti, ndipo wina anayambitsa nyimbo ya fuko ija ngakhale mawu a ndime yachiwiri tonse tinali titaiwala. Nanenso ndinasangalala, ndisaname. Ndinapempha kuti kalatayo igone kwanga tsiku limodzi asanakaiike m'galasi.

Ndinakafika kunyumba chakumasana. Mwana wanga anali atangobwera kumene kuchokera ku mpira wa anzake a kuntchito, atakhala pa sitepe ya kukhomo lakumbuyo akuchotsa matope ku nsapato ndi kamtengo. Ndinakhala pambali pake n'kumupatsa kalatayo. Anapukuta manja pa kabudula, n'kuiwerenga yonse mpaka pansi.

"Congratulations, Dad. Anthu anu awina."

"Anthu athu," ndinatero. "Tamvera, tsopano talowa. Msonkhano ukubwerawu ndikakweza nkhani ya lamulo lija. Pano palibe angatichotse. Ukhala kaputeni monga a Kochi ananenera."

Anapitiriza kukolokosa nsapato kwa kanthawi.

"A Kochi ndinakumana nawo pa Wembley Park, ndikuchokera ku job," anatero osakweza mutu. "Anandiuza mmene vote inayendera. Three, three."

Ndinayamba kufotokoza za fomu, za azungu, za kuti ndinkafuna tiyambe talowa, koma mawu ankatuluka opanda miyendo.

"A Mzamba sindinawakwiyire," anandidula mofatsa. "Iwo aja sandidziwa, anangowerenga pepala. A Chairman same thing. Koma m'chipinda muja munali munthu mmodzi amene amadziwa kuti ndine mwana wa ndani."

Anaipinda kalatayo bwinobwino motsata mizere yake, n'kundibwezera ndi manja awiri, mwaulemu wonse, monga timachitira ndi mlendo wachikulire. Kenako anatola nsapato zake n'kulowa m'nyumba. Ine ndinatsala pa sitepepo ndi kalata yonena kuti dziko lapansi latizindikira, ndikumva madzi akutsika kubafa.